Nyundo ya mu Kanema wa Salyut 7

Kanema wa ku Russia wotchedwa Salyut 7, amene anatuluka mu 2017 motsogozedwa ndi Klim Shipenko, ndi mmodzi mwa akanema ochepa amene ngwazi zake ndi amisiri okonza chinthu chowonongeka. Pa chifukwa chimenechi ndi woyenera kuwonera pabanja. Komabe ali ndi chilema chimene inu makolo mungachite bwino kuchidziwa musanakhale pansi ndi ana anu.

Nkhani yeniyeni inayenda motere. Mu February 1985 nyumba ya mumlengalenga ya dziko la Soviet Union, Salyut 7, inangoti zii, osayankhanso. Nthawi imeneyo munalibe munthu. Pa 6 June ananyamuka amuna awiri, Vladimir Dzhanibekov ndi Viktor Savinykh, pa chombo cha Soyuz T-13. Popeza nyumbayo inalibe magetsi, makina olumikiza zombo paokha sakanathandiza, ndipo Dzhanibekov anayendetsa chombo ndi manja ake mpaka kuchilumikiza. Atalowa anapeza mdima, madzi akumwa ataundana. Gwero la zonsezi linali kachipangizo kamodzi koyang'anira kudzaza kwa mabatire, kamene kanalakwa, mabatire onse n'kutha mphamvu. Amuna aja, atavala zipewa zaubweya, analumikiza mabatire limodzilimodzi ku mapiko otolera mphamvu ya dzuwa, natembenuza nyumba yonse ndi chombo chawo kuti iyang'ane dzuwa. Mpweya sunali kuyenda m'katimo, choncho wina akamagwira ntchito mnzake ankamuyang'anira kuti asakomoke ndi mpweya woipa wotuluka m'kamwa mwake momwe.

Mbali imeneyi kanemayu waigwira bwino kwambiri. Amene anagonapo pa phiri la Zomba m'mwezi wa June, nkhungu itakuta Ku Chawe, zala zitauma, adzamva m'thupi mwake zimene akuwona. Pamene nyumba iyamba kufunda, madzi osungunuka akuyandama m'chipinda ngati mikanda ikuluikulu, amuna awiri akuwatolera ndi nsanza. Chithunzi chimenechi n'chokongola, ndipo chikunena zowona za ntchito yokonza: kuchiza vuto limodzi kumadzutsa linzake.

Koma opanga kanemayu sanakhulupirire kuti nkhani yotere ingakwane yokha. Anasintha mayina a amuna aja, nawonjezamo moto woyaka m'chombo, mantha akuti Amereka abwera ndi chombo chawo Challenger kudzaba nyumbayo, ndi akuluakulu a nkhondo ofuna kuiphulitsa. Zimenezi sizinachitike. Tingawakhululukire, pakuti nthano nayo imafuna mchere. Chimene chikundivuta ine ndi mathero ake: amuna awiri atuluka kunja kwa nyumba, namenya chitsulo ndi nyundo mpaka chigwe, magetsi n'kubwerera. Ulendo weniweni wotuluka kunja unachitika pa 2 August, magetsi atabwerera kale. Unatenga pafupifupi maola 5, ndipo ntchito yake inali yowonjezera mapiko a dzuwa, pang'onopang'ono, motsata ndondomeko imene anaiphunzira ali pansi pano.

Wina angati, kodi nyundo ya m'kanema ikutikhudza bwanji ife a ku Zomba? Mzinda uno umakhala ndi zinthu zakale. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, n'kutisiyira nyumba za njerwa, ngalande ndi misewu yokwera phiri zofuna dzanja la mmisiri chaka ndi chaka. Madzi a ku damu la Mulunguzi amafika m'makomo chifukwa pali anthu oyenda m'mbali mwa mapaipi kufufuza podontha. Pitani pa msika mukaone wokonza wailesi kapena foni: amayamba wakhala phee, kuyeza waya uyu ndi uyo, mwini wake akung'ung'udza kuti akuchedwa. Mwana amene waphunzira kuti ngwazi ndi womenya chitsulo mwamphamvu sadzamuyesa kanthu bambo ameneyu. Chonsecho Dzhanibekov ndi Savinykh anafanana kwambiri ndi iyeyu kuposa amuna a m'kanema.

Palinso china chimene kanemayu wachidumpha, ndicho kutalika kwa masiku. Dzhanibekov anakhala kumwambako masiku 112, Savinykh masiku 168. Chaka cha 1984, m'nyumba yomweyo, Leonid Kizim, Vladimir Solovyov ndi dotolo Oleg Atkov anakhala masiku 237, ndipo awiri oyambawo anatuluka kunja kasanu ndi kamodzi, makamaka kukakonza paipi ya mafuta imene inali kudontha. Kupirira kotere n'kovuta kukujambula, ndikudziwa. Komabe akazi a m'kanemayu, odikira kunyumba, akanatha kutisonyeza kulemera kwa miyezi imeneyo. M'malo mwake angopatsidwa misozi ndi mawu ochepa. Mayi aliyense amene mwamuna wake anakhalitsa ku migodi ya ku Joni akanawalembera mawu abwino kuposa amenewa.

Onerani kanemayu ndi ana anu, koma akafika pa nyundo muwauze za mabatire aja. Nyumba imene inakonzedwa mu 1985 inalandiranso anthu mu 1986, pamene Kizim ndi Solovyov anaulukirako kuchokera ku nyumba yatsopano ya Mir. Inagwa mu February 1991, zidutswa zake n'kumwazikira m'dziko la Argentina.