Mwala Ukapsa, Anene Ndani?

Chakumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, makalabu ambiri a curling ku Canada ndi ku Scotland amazimitsa makina oundanitsa madzi. Matimu a anthu wamba, aphunzitsi, alimi, anamwino ndi opuma pantchito, amene akhala akukumana madzulo amodzi pa sabata chiyambire mu Okotobala, amakhala pansi n'kuyamba kuunguza mmene nyengo yayendera. Zowerengera zoyamba n'zosavuta: tapambana kangati, tagonja kangati, tathera pati pa ndandanda. Koma pali muyeso wina umene wosewera aliyense amaudziwa ngakhale sanauwerengepo. Ndi tsamba lalifupi lotchedwa The Spirit of Curling, limene lili koyambirira kwa buku la malamulo la bungwe la World Curling, lomwe likulu lake lili ku Perth, m'dziko la Scotland. Tsambali lilibe nambala ya lamulo, lilibenso chilango. Mphamvu yake ndi kupunduka kwake zili pamalo amodzimodzi.

Kwa amene sanaonepo masewerowa, timu imakhala ndi anthu anayi, ndipo aliyense amatsetsereza miyala iwiri pa chigawo chilichonse. Mwalawo ndi wa granite, wolemera pakati pa makilogalamu 17 ndi 20, wokhala ndi chogwirira pamwamba. Bwalo ndi ayezi wotalika pafupifupi mamita 46, wowazidwa timadontho ta madzi tomwe timaundana n'kukhala ngati zotupa, ndipo kumapeto kwake kuli mizere yozungulira yomwe eni masewero amaitcha nyumba. Woponya amapotoza chogwirira pang'ono, mwala n'kumakhota poyenda. Anzake awiri amathamanga m'mbali mwake akusesa ndi maburashi kuti upite patali komanso usakhote kwambiri, pomwe mtsogoleri wawo, skip, akukuwa ali m'nyumba. Miyala yonse 16 ikatha, timu yomwe mwala wake uli pafupi kwambiri ndi pakati ndiyo imatenga mapointi. Pa kalabu miyala ndi ya kalabu, palibe amabwera ndi wake. Yambiri yotchuka imachokera pa kachilumba ka Ailsa Craig, yosemedwa ndi kampani ya Kays ya ku Mauchline, yomwe inayamba mu 1851.

Tsambali limayamba poika zinthu ziwiri pa mphasa imodzi, luso ndi mwambo, n'kunena kuti zonsezi n'zokoma kuziona. Wolemba akuyankhula ngati woonerera. Kwa iye khalidwe labwino ndi chinthu chosangalatsa maso, chimodzimodzi mwala woponyedwa mwaluso umene wazemba kuseri kwa unzake n'kukaima pakati penipeni. Mwambo umene akunenawo ndi wakaledi: zolembedwa za ku Paisley Abbey za mu 1541 zimatchula kale za anthu oponya miyala pa ayezi, ndipo kalabu yomwe inagwirizanitsa malamulo, Grand Caledonian Curling Club, inakhazikitsidwa mu 1838, n'kulandira dzina lachifumu mu 1843. Chodabwitsa n'chakuti tsambali silitchula mwambo ndi umodzi womwe. Silinena zogwirana chanza masewero asanayambe ndi pomwe atha. Silinena kuti m'makalabu ambiri a ku Canada matimu awiriwo amakakhala patebulo limodzi, opambana n'kugulira ogonja chakumwa choyamba. Wachilendo amaphunzira zimenezi pokodoledwa ndi mnzake wakale, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Komabe mwambo wosalembedwa umapereka mphamvu zambiri kwa akhalakale, pakuti ndi iwo amanena chimene chili mwambo ndi chimene sichili.

Kenaka pakubwera mfundo yakuti osewera amafuna kupambana, koma osati kunyazitsa anzawo. Apa tione kayankhulidwe. Tsambali silikulamula. Likungofotokoza mmene wosewera weniweni amachitira, ngati kuti nkhaniyo inatha kalekale. Zotsatira zake n'zowawa kuposa chilango: wobera sakutchedwa wophwanya lamulo, akungochotsedwa m'gulu la anthu amene akufotokozedwawo. Palibe amamuthamangitsa. Amangozindikira kuti sabata yamawa anthu akumupatsa moni wozizira, ndipo chaka chamawa palibe timu imene ikumufuna.

Ndimakonda kuti wolemba sanabise za kupambana. Timu imene ikutsogola ili ndi ufulu wonse wogunda mwala uliwonse wa anzawo n'kuutulutsa, chigawo ndi chigawo, mpaka masewero kusanduka osakoma kuonera. Kumeneko si kunyazitsa. Chomwe mawu aja amateteza ndi chitseko chotulukira mwaulemu. M'masewero a pa kalabu, omwe amakhala a zigawo 8 ndipo amatenga pafupifupi maola awiri, timu imene yatsalira kwambiri imangovula magolovesi n'kutambasula dzanja. Masewero atha. Wogonja ndiye amasankha nthawiyo, wopambana sapempha, ndipo palibe amati uku ndi mantha. Nazonso zoti usasokoneze mnzako, zomwe tsambali limatchulanso, zimaoneka m'tinthu ting'onoting'ono: osesa a timu imene siikuponya amaima phee m'mbali mwa bwalo, ndipo skip wawo, ali kuseri kwa nyumba, amanyamula burashi yake kuti woponya asasokonezeke poona zolozera ziwiri.

Mtima wa tsambali uli pa mfundo yotsatira: wosewera akazindikira kuti waphwanya lamulo mosadziwa, iye ndiye amakhala woyamba kuulula. Tiyerekeze munthu akusesa, wawerama, akupuma movutikira, skip akukuwa kuti alimbikire. Mutu wa burashi uli masentimita ochepa kutsogolo kwa mwala. Phazi laterereka pang'ono, burashi yakhudza mwala. Kaphokoso kake n'kochepa moti kamasowa m'mkokomo wa granite pa ayezi. Mnzake wosesa naye maso ali pansi, a timu inayo ali kutali. Amene akudziwa ndi mmodzi, ndipo akuyenera kunena yekha kuti mwala wapsa. Pa bawo la pansi pa mtengo napo palibe woimbira, koma pali maso a anthu ozungulira, ndipo dzanja likadumpha dzenje wina amakuwa. Apa nthawi zambiri palibe diso lina. Pa usiku wa ligi ya kalabu palibe woimbira aliyense m'bwalo. Ngakhale mapointi amagwirizana ndi achiwiri kwa ma skip a matimu awiriwo, ena onse ataima kunja kwa nyumba, ndipo akakayikira amatenga chitsulo choyezera n'kuyeza okha.

Nchifukwa chake timu ya anthu wamba ikamakumbukira nyengo yake, nkhani zimene zimabwerezedwa patebulo sizikhala za ndandanda zokha. M'kalabu yaing'ono mumakumana ndi matimu omwewo kangapo pa nyengo, chaka ndi chaka. Anthu amaiwala kuti masewero a mu Janyuwale anatha ndi mapointi angati, koma amakumbukira amene anadzinenera yekha pa mwala womaliza, amakumbukiranso amene burashi yake imakhudza miyala koma pakamwa pake sipatseguka. Tsambali linalembedwera anthu oterewa, anthu amene adzaonanenso Lachiwiri likubweralo.

Koma tawerenganinso mfundo ija. Ikunena zonse za wolakwa. Za wolakwiridwa ili chete. Pomwe malamulo enieni amapereka mphamvu yaikulu kwa wolakwiridwayo. Mwala ukakhudzidwa ndi eni ake usanadutse mzere wotchedwa hog line, wopingasa bwalo patsogolo pa nyumba ya kumene ukupita, umachotsedwa pomwepo. Ukakhudzidwa utadutsa mzerewo, miyala yonse imasiyidwa kuti iime, kenaka timu inayo imasankha: kuchotsa mwala wopsawo n'kubwezera ina m'malo mwake, kusiya zonse mmene zaimira, kapena kuika miyala pomwe ikuganiza kuti ikanaima pakanapanda kukhudzako. Chizolowezi n'chakuti ngati kukhudzako kunali kochepa ndipo sikunasinthe kanthu, skip amangokweza dzanja n'kuti zisiyeni. Chizolowezi chimenechi sichinalembedwe pa tsambali.

Mpata umenewu unaonekera poyera pa masewero a Olympics a ku PyeongChang mu 2018. Amayi a ku Canada ankasewera ndi a ku Denmark. Wosesa wa Denmark anakhudza mwala wawo uli pafupi kuima, ndipo skip wa Canada, Rachel Homan, anasankha kuuchotsa. Malamulo ankamulola. Koma anthu ambiri okonda masewerowa, a kwawo omwe, anamudzudzula kuti wachita zosayenera. Denmark, motsogozedwa ndi Madeleine Dupont, inapambana 9 kwa 8 pa chigawo choonjezera. Amene ankateteza Homan ankaloza buku la malamulo, amene ankamudzudzula ankaloza tsamba loyamba la buku lomwelo, ndipo onse anali ndi poimira. Chiganizo chomaliza cha tsambali chimanenadi kuti mzimu wa masewerowa uzitsogolera kamasulidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka malamulo. Koma ndi chingwe chopyapyala kuti munthu apachikepo chiweruzo cha masekondi ochepa, dziko lonse likuonera.

Ena anganene kuti chete ameneyu ndi wadala, pakuti chifundo chikalamulidwa chimasanduka lamulo, ndipo ochenjera amayamba kuchidyera masuku pamutu. Mfundoyi ili ndi nzeru, koma sindikhutira nayo. Kuulula kumakhalapo chifukwa woululayo amakhulupirira kuti mnzake sadzatengerapo mwayi woposa zimene wataya. Ngati kuulula kulikonse kuzibweretsa chilango chachikulu koposa, osesa adzaphunzira kutseka pakamwa, ndipo mfundo yokongola ija idzatsala ya papepala. Mbali ziwirizi zimadalirana, koma yolembedwa ndi imodzi.

Pomwe pali ndalama ndi mamendulo, tsambali lakhala likufuna womuthandiza. Mu 2015 kunabwera maburashi a nsalu zimene zinkakanda ayezi, moti osesa ankatha kuwongolera mwala ngati ali ndi chiwongolero. Panalibe lamulo lowaletsa. Matimu akuluakulu ambiri anasainirana okha kuti asiye kuwagwiritsa ntchito, zomwe zikusonyeza kuti mzimu uja unalipodi. Koma pangano la pakati pa osewera silinakwanire. Mu 2016 bungwe la dziko lonse linachititsa kafukufuku ku Kemptville, m'chigawo cha Ontario, n'kukhazikitsa nsalu imodzi yovomerezeka pa mipikisano yake. Mawu otsiriza a tsambali, onena za khalidwe m'bwalo ndi kunja komwe, nawo anayesedwa mu Novembala 2018, pomwe timu ina, mmene munali Ryan Fry, wopambana mendulo ya golide ya Olympics mu 2014, inathamangitsidwa pa mpikisano wa ku Red Deer chifukwa cha kuledzera. Tsamba lopanda chilango linafunika okonza mpikisano olimba mtima.

Zonsezi sizikuchotsa ulemu wa tsambali. Masewero amene anabwerera pa Olympics mu 1998 ku Nagano akadali otheka kuseweredwa m'makalabu popanda woimbira, ndipo tsambali ndi limodzi mwa zifukwa zake. Koma ndi lolemera mbali imodzi. A World Curling akanachita bwino kuwonjezerapo chiganizo chimodzi, m'kayankhulidwe kofotokoza komweko, chonena kuti wosewera weniweni akalakwiridwa amangofuna kubwezeredwa chimene wataya, osati kupindula ndi kuona mtima kwa mnzake.