Mneni "Kulira" ndi Mawu a Chingerezi "Weep" ndi "Cry"

M'masukulu ozungulira Namitete, monganso m'madera ena, wophunzira akafunsa tanthauzo la mawu a Chingerezi akuti "weep" amauzidwa kuti ndi "kulira". Akafunsa la "cry", yankho limakhala lomwelo. Pa chifukwa ichi alembi ena amaganiza kuti Chichewa n'chosauka, popeza chili ndi mneni mmodzi pomwe Chingerezi chili ndi aneni awiri. Pofuna kukwirira umphawi umenewu, otanthauzira ena adadziikira lamulo lakuti "cry" azikhala "kulira", ndipo "weep" azikhala "kukhetsa misozi" nthawi zonse. Lamulo limeneli lilibe maziko, ndipo mbiri ya mawuwo ikulitsutsa.

Mneni "weep" adachokera ku mawu a Chingerezi chamakedzana akuti "wepan", omwe ankatanthauza kudandaula mokweza. M'Chigothiki, chinenero chapachibale chimene chidafa kale, muli mawu akuti "wopjan", kutanthauza kuitana kapena kufuula. Choncho pachiyambi mawuwa ankanena za liwu, osati za madzi otuluka m'maso. Mneni "cry" ndi mlendo. Adalowa m'Chingerezi cha m'ma 1200 kuchokera ku Chifalansa "crier", Anormani atalanda kale dziko la England mu 1066. Akatswiri ambiri amati gwero lake ndi mawu a Chilatini akuti "quiritare", kukuwa popempha chithandizo. Tanthauzo la misozi lidakhazikika mochedwa, cha m'ma 1500. Aneni onse awiri adayambira kukhosi n'kudzathera m'maso.

Mneni wa Chichewa sadayende ulendo umenewo. Tsinde lakuti "-lira" ndi lakale kwambiri m'zinenero za Chibantu: Chitumbuka chimati "-lira", Chiyao ndi Chibemba zimati "-lila", Chiswahili chimati "-lia". Mtima wa tsindeli ndi liwu lomveka. N'chifukwa chake tambala amalira, ng'oma imalira, belu limalira, mfuti imalira, ndipo galimoto za pamsewu wa Lilongwe ndi Mchinji zimalira ngakhale zilibe maso. Msintho womchititsa umapereka "kuliza", monga kuliza belu kapena kuliza mwana. Msintho womchitira umapereka "kulirira", ndipo pamenepa tanthauzo limapendekera ku kufunitsitsa chinthu, monga pa mwambi wa mwana wolirira nyanga ya nsatsi. Ngakhale ntchito imalira: amati fodya amalira manja ambiri, ndipo alimi a ku Nsaru ndi ku Kabudula safuna wina wowamasulira chiganizo chimenechi. Dzina lakuti "maliro" nalonso lidatuluka m'tsinde lomweli.

Kuipa kwa lamulo lija kumaonekera bwino pa nkhani za umoyo. Pa chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, chimene chidatsegulidwa mu 1959, azamba amayembekezera kuti khanda lilire likangobadwa, chifukwa kulirako ndi chizindikiro chakuti layamba kupuma. Komatu khanda la masiku ochepa silitulutsa misozi yooneka. Imeneyi imadza patapita masabata angapo. Wotanthauzira amene adazolowera kuona misozi paliponse pamene pali kulira angathe kulemba m'kabuku ka amayi kuti mwana wabwinobwino amakhetsa misozi pobadwa, ndipo mayi wowerenga angade nkhawa ndi khanda lopanda vuto.

Pa maliro m'pamene chuma cha Chichewa chimaonekera. M'midzi ya Achewa munthu akatsikira kuli chete, abale amayamba auza mfumu, ndipo pakali pano akuluakulu amaletsa anthu kulira. Chimene amaletsa ndi mfuu, pakuti misozi palibe angailetse. Uthenga ukafika kwa mfumu, amayi amabuma pasiwa, kutchula womwalirayo ndi kumufunsa chimene wawasiyira. Kubuma si kusisima. Wosisima amalira motsitsa, mpweya ukudukaduka, kawirikawiri atatopa kale. Abambo okhala panja pamoto angathe kugwetsa misozi osatulutsa liwu, ndipo wina misozi imangolengeza m'maso osagwa. Ameneyu Mchewa sanena kuti akubuma. Mlembi amene amasula "weep" aliyense kuti "kukhetsa misozi" amatontholetsa amayi a pasiwa, nasandutsa maliro a kumudzi kukhala mwambo wachetechete umene owerenga sakuudziwa. Mawu akuti "kukhetsa misozi" ndi Chichewa chabwino ndithu, koma malo ake ndi pamene maso akugwira ntchito pakamwa pali potseka.

Omasulira Buku Lopatulika la mu 1922 adachita bwino pa mbali ina. Baibulo la Chingerezi la mu 1611 limagwiritsa ntchito "cry" kawirikawiri m'tanthauzo lakale la kukweza mawu, monga pa Mateyu 3:3, ndipo iwo adasankha mneni "kufuula". Akadalemba "kulira", Yohane Mbatizi akadaoneka ngati wamasiye m'chipululu. Koma pa Yohane 11 mwayi udawaphonya. Chigiriki chili ndi aneni awiri pamenepa: pa ndime 33 pali "klaio", kulira momveka kwa Mariya ndi okhuza maliro, pomwe pa ndime 35 pali "dakruo", kugwetsa misozi, mneni amene akupezeka pokhapa m'Chipangano Chatsopano chonse. Chingerezi cha mu 1611 chidaika "weep" ponse pawiri, ndipo Buku Lopatulika lidaika "kulira" ponse pawiri. Chikhalirecho Chichewa chidali nazo zida zosiyanitsira: khamu linkabuma, Yesu adagwetsa misozi. Apa Chingerezi ndicho chidaperewera.

Pa kalembedwe, malamulo amene Bungwe la Chichewa lidakonzanso mu 1990 amati lembo la "r" lizilembedwa patsogolo pa "i" ndi "e", ndipo "l" m'malo ena. Choncho kulemba koyenera ndi "kulira", "kulirira", "maliro" ndi "akulirana". Kulemba "kulila" kapena "kurira" n'kulakwitsa, ngakhale kuti poyankhula anthu ambiri sasiyanitsa malembo awiriwa.

Akonzi a mabuku asamalenso ndi mawu akuti "wakulira". M'Chichewa cha mabuku akale "mwana wakulira" ndi mwana amene akulira, yemwe lero timulemba kuti "wolira". Koma "mwana wakulira ku Mpingu" ndi mwana amene waleredwa kumeneko, kuchokera ku mneni "kukula". Mkonzi wofulumira akaona "wakulira" n'kusintha kukhala "wolira", angathe kuliza mwana amene sadalakwe kanthu koma kungokula.