Tiwathokoze Madokotala Obwerera Kwawo

Madokotala athu ena akamaliza maphunziro oyamba ku Blantyre, pasukulu ya udokotala imene inatsegulidwa mu 1991, amapita kunja kukazama pa luso limodzi, monga la impso, khansa, opaleshoni kapena matenda a ana. Ena amakafika ku Cape Town, ku zipatala za Groote Schuur ndi Red Cross, komwe amatha zaka akuchezera ndi odwala, banja lili kutali.

Akamaliza, ntchito za malipiro onona zimawakopa konko. Komabe alipo amene amalongedza katundu n'kubwerera kudzatsogolera madipatimenti m'zipatala za Gulupu, Kamuzu Central kapena Mzuzu.

Muwaone m'mawa akuzungulira m'wodi. Dokotala wamkulu amawerama pabedi, kugwira pamimba pa mwana, kenako n'kutenga dzanja la wophunzira kuti nayenso amve kapamba wotupayo. Akatero amatembenukira kwa agogo odikirira matenda n'kuwafotokozera zonse m'chilankhulo chawo, mwaulemu. Makina akasowa, amadalira maso, makutu ndi manja, ndipo amaphunzitsa achinyamata kutero.

Chifukwa cha iwo, maphunziro ambiri a ukatswiri tsopano akuchitikira konkuno. Anthu otere ndi ofunika kuwasamala ndi kuwapatsa zipangizo zokwanira.