Mmisiri wa Mapulogalamu Pakati pa Nyanja Ziwiri

Munthu wofuna kuweruza luso la kulemba mapulogalamu a kompyuta, ngati afunadi kuweruza molungama, asayambire m'maofesi a ku Maputo kapena a ku Lilongwe, koma atsikire ku boma la Mecanhelas, kumwera kwa chigawo cha Niassa, kumene njanji yochokera ku Cuamba idzera pa Entre-Lagos, pakati pa nyanja ya Chiuta ndi ya Chilwa, nilowa m'Malawi pa Nayuchi; pakuti kumeneko, kumene ndalama zoyenda m'misika zili ziwiri, malilime ali ambiri, ndipo netiweki ibwera ndi kuchoka monga ifunira yokha, ntchito ya mmisiri wosasamala sigonera usiku isanaululike.

Alipo ena amene adzadabwa kumva ntchito imeneyi ikutchedwa luso, poganiza kuti ndi masamu chabe, kapena kuloweza mawu achilendo ndi kuwabwereza. Koma Donald Knuth, amene anayamba kutulutsa mabuku ake otchuka pa nkhaniyi mu 1968, anaika mawu oti luso pa chikuto penipeni, ndipo ine ndiyesa kuti sanalakwe. Makina ndiye kapolo womvera koposa, wochita chimene wauzidwa osati chimene mbuye wake amafuna kunena. Chotero luso lonse ligona pa kuoneratu, mzere woyamba usanalembedwe, njira zonse zimene munthu wamoyo, wotopa, wofulumira, wa zala zonyowa ndi nsomba, adzasokonezere chimene wakonza.

Pulogalamu imene anthu ambiri a ku Mecanhelas anayamba kuigwira ndi manja awo siili pa kompyuta ayi. Ili pa kafoni ka mabatani: munthu adina *150# nalowa mu M-Pesa, imene Vodacom inabweretsa ku Mozambique mu 2013, kapena adina *898# nalowa mu e-Mola ya Movitel, monga mbale wake wa ku Nayuchi adina *211# kapena *444#. Njira imeneyi, yotchedwa USSD, silola uthenga umodzi kupitirira zilembo 182, ndipo munthu akachedwa kuyankha, kukambiranako kuduka, nayambiranso pachiyambi. Tsono taonani chimene mpanda wothinawu uchita kwa wolemba. Sangakometse ndi zithunzi, sangabise umbuli wake m'mawu ambiri. Ayenera kusankha chinthu choyenera kukhala pa nambala 1 ndi choyenera kukankhidwira pansi, ayenera kubwereza kwa wotumiza nambala ndi kuchuluka kwa ndalama asanamfunse nambala yachinsinsi, ndipo ayenera kukumbukira kuti funso lililonse limene awonjezera ndi mpata wina woti gogo wowerenga pang'onopang'ono adukidwe pakati pa njira. Mndandanda wabwino wa USSD ndiuyesa ntchito yaluso yoposa mapulogalamu ambiri onyezimira amene ndawaona, ndipo wophunzira amene audina tsiku ndi tsiku osaufunsa chifukwa chake unayalidwa motero, akudutsa mphunzitsi wake pa msewu osampatsa moni.

Wophunzira wa kuno kawirikawiri alibe laputopu. Ali ndi foni ya Android yotchajidwa pa sola, ndi mamega ochepa ogula lero otha mawa. Ndipo akagwa m'chikondi cha ntchitoyi, aonera makanema a aphunzitsi a ku Brazil m'Chipwitikizi kapena a ku India m'Chingerezi, nakopera mzere ndi mzere chimene aona. Sindinyoza chiyambi chotere, popeza mwana aliyense ayamba kulankhula potsanzira. Choopsa ndi kukhalitsa pamenepo, pakuti pulogalamu yokopera iyenda bwino pa tsiku loikopera, nipatsa mwini wake chimwemwe chonama chakuti wadziwa, pamene chimene wadziwa ndi kutaipa basi. Kunena zoona, kusowa kwa mamega kuli ndi dalitso lake lobisika: amene sangathe kuonera kanema wachiwiri akakamizika kutenga kope ndi pensulo, kulemba ganizo lake m'chilankhulo cha kwawo sitepe ndi sitepe, kuliyendetsa m'mutu ndi manambala enieni, ndipo pokhapo kulitaipa m'chilankhulo cha Python, chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, chimene lero chiyenda pa foni yomweyo mwa Pydroid kapena Termux popanda intaneti ukachitsitsa kamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyeni tiyang'ane pafupi ntchito imodzi yaing'ono, yoti mnyamata kapena mtsikana wa ku Insaca, m'boma la Mecanhelas lomwelo, angailembe madzulo amodzi: pulogalamu yosinthira mametikali kukhala makwacha, yothandiza mayi wogula matemba kapena mpunga mbali ino nakagulitsa tsidya linalo. Wongoyamba kumene ailemba m'mizere itatu, nachulukitsa ndalama ndi nambala imene waikhomera m'kati mwa pulogalamu, nanena kuti yatha. Koma mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 aliwonse, dola imodzi nichoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Ndipo pulogalamu iliyonse yokhala ndi mtengo wokhomera m'kati inadzuka m'mawa mwake ili mboni yonama, yonena bodza molimba mtima. Mmisiri weniweni aika mtengo wosinthira pamalo poonekera, poti mwini ntchito ausinthe yekha, nalembanso tsiku limene unasinthidwa komaliza.

Sipathera pamenepo. Mwana wophunzira sukulu ya Chipwitikizi akalemba 1.500 atanthauza chikwi chimodzi ndi mazana asanu, pamene msuweni wake wa ku Machinga akaona 1.500 awerenga chimodzi ndi theka. Mpumiro ndi dontho zasinthana ntchito pa malire a dziko, ndipo Python, ikapanda kuuzidwa, itenga mbali ya wa ku Machinga. Kodi wolemba anaganiza za ichi? Nanga munthu akalemba chilembo O m'malo mwa ziro, kapena akasiya malo opanda kanthu? Ndipo pali msampha wina umene ngakhale ophunzira a m'makoleji agwamo: uzani Python iwonkhetse 0.1 ndi 0.2, idzakuyankhani 0.30000000000000004, chifukwa makina asunga tizigawo ta nambala m'njira yosakwana ndendende. N'chifukwa chake odziwa ntchito awerengera ndalama m'masentavo ndi m'matambala athunthu, nasandutsa mametikali ndi makwacha pa kuonetsa pokha. Mizere itatu ija tsopano yafika makumi atatu, ndipo yowonjezerayo ndiyo luso.

Ngakhale chilembo chimodzi chili ndi mtengo wake. Uthenga wa SMS unyamula zilembo 160, koma mukaikamo ŵ wa m'kalembedwe kathu kapena ã wa Chipwitikizi, uthenga wonse usinthira ku kasungidwe kena konyamula zilembo 70 zokha, ndipo chimene chikadapita kamodzi chipita kawiri kapena katatu, ndi ndalama zake zomwe.

Chachikulu koposa zonse ndi netiweki yoduka. Munthu adina batani lotumiza, foni niima duu osayankha. Adinanso kachiwiri, poyesa kuti poyamba sizinapite. Pulogalamu ya mmisiri wopusa ilemba malonda awiri. Ya mmisiri wochenjera ipatsa ntchito iliyonse chizindikiro chakechake isanaitumize, kotero kuti ikafika kawiri iwerengedwa kamodzi, ndipo isunga zolembedwa pa foni kufikira netiweki itabwerera. Amene anayambitsa Baobab Health ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, anamvetsa mzimu umenewu, pakuti anakonzera azaumoyo makina ongokhudza ndi chala, odya magetsi pang'ono, otha kuyendera mabatire magetsi akathima. Anamanga nyumba yawo poyembekezera mvula ndi mphepo, osati pongokhulupirira dzuwa la tsiku lomangira.

Pali mbali ina ya lusoli imene achinyamata aichedwera, ndiyo kulembera munthu mnzako osati makina okha. Woluka mono pa Chiuta aluka mwakuti bango likathyoka, wina aliyense wodziwa kuluka aona pamene pathyoka nalowetsapo lina osaphwasula mono wonse; momwemonso pulogalamu yabwino itchula zinthu zake ndi maina omveka, igawa ntchito m'tizigawo toti tiyesedwe patokha, ndipo mwini wake akapita ku Nampula kukafuna ganyu, wotsala angaikonze. Kalembedwe kotere sikaphunziridwa polemba kokha, koma powerenganso zolemba za ena. Pulogalamu ya DHIS2, yochokera ku yunivesite ya Oslo, imene unduna wa zaumoyo wa Mozambique unamangirapo SIS-MA yosonkhanitsira ziwerengero za zipatala za m'maboma, ili poyera kuti aliyense aiwerenge, pamodzi ndi mbiri ya kusintha kwake yosungidwa mu Git, chida chimene Linus Torvalds analemba mu 2005. Ndi yaikulu, ndipo wongoyamba adzasochera m'menemo. Koma kuwerenga kusintha kumodzi kokha, ndi mkangano wa amisiri pa kusinthako, kuphunzitsa zimene makanema khumi sangaphunzitse.

Za makina atsopano olemba mapulogalamu ukawapempha, ndinene mwachidule. Afulumira, ndipo nthawi zambiri alemba zooneka bwino; koma ukapanda kuwauza za mpumiro wa ku Insaca ndi dontho la ku Nayuchi, palibe chokutsimikizira kuti adzazikumbukira okha, ndipo amene sadziwa kufunsa funso limenelo sadzaona kuti silinayankhidwe. Safunsa anadya phula.

Kwa inu tsono, aphunzitsi a masekondale a ku Mecanhelas ndi ku Cuamba, ndi kwa inu achinyamata amene mwayamba kale pa foni zanu, pempho langa ndi ili: lekani kuyesa ntchito yanu poionetsa kwa anzanu odziwa kale modina. Itengereni kwa mayi wogulitsa mpunga kapena bambo wosintha ndalama pa siteshoni, muipereke m'manja mwawo, muzimitse data, ndipo mukhale chete pambali ndi kope lanu, kulemba paliponse pamene chala chawo chikayika, osawathandiza ngakhale mtima ukuwawa. Mukatero mubwerere kunyumba mukakonze malo amenewo musanaphunzire chilankhulo china chatsopano.