Miyala pa Zitsa: Luso la Kuyala Chionetsero ku Tengenenge

Pokamba za zosemasema, anthu ambiri amatamanda dzanja la wosema koma saganizira za dzanja lachiwiri, la munthu amene amasankha zoti zionetsedwe, pamene chilichonse chiime, choyandikana nacho ndiponso mbali imene kuwala kuchigwere. Munthu ameneyu pa Chingerezi amatchedwa curator, ndipo m'nkhani ino akutchedwa woyala chionetsero, popeza ntchito yake ikufanana ndi ya woyala malonda pamsika, kungoti iye amayala kuti woona amvetse chimene waona, osati kuti agule chabe. Mudzi wa osema miyala wa Tengenenge, umene uli m'boma la Guruve, pafupifupi makilomita 150 kumpoto kwa Harare m'dziko la Zimbabwe, ndi malo oyenera kuunikirapo luso limeneli, chifukwa kumeneko chionetsero sichitsekedwa chaka chonse pamene woyala mmodzi wolamulira zonse kulibe.

Mudziwu unayamba mu 1966 pa esiteti ya fodya ya Tom Blomefield, pa nthawi imene malonda a fodya analowa pansi chifukwa cha zilango zimene maiko anaika boma la Ian Smith litadzipatula ku Britain mu 1965. Esitetiyo inali m'mbali mwa mtandadza wa mapiri wotchedwa Great Dyke, momwe muli mwala wa serpentine, ndipo wosema wina, Crispen Chakanyuka, ndiye anatsegula maso a Blomefield kuti mwalawo ungadyetse anthu amene fodya analeka kuwadyetsa. Ambiri mwa antchito a pa esitetiyo sanali eni nthaka ya kumeneko, koma Achewa, Ayao ndi mitundu ina yochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola, anthu a m'badwo umene unkapita kukagwira ntchito m'mapulazi ndi m'migodi ya Southern Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe, ena n'kutchona komweko.

Kayalidwe ka chionetsero cha ku Tengenenge n'kosavuta kufotokoza. Wosema aliyense amapatsidwa kabwalo kake pansi pa mitengo ya msasa, yomwe ndi ya mtundu umodzi ndi mombo, ndipo pakabwalopo amazika zitsa ndi mitengo yodulidwa n'kukhazikapo zosema zake, zazing'ono pamwamba kuti zifike m'maso mwa munthu woimirira, zikuluzikulu pansi penipeni. Mlendo amayenda m'tinjira kuchoka pa bwalo la wosema uyu kupita la uyo, ndipo zosema zimene amadutsa ndi zikwizikwi. Palibe khoma loyera kapena nyali yolozetsedwa pa chosema chimodzi monga zimakhalira m'nyumba za zionetsero za m'mizinda, ndipo woyala weniweni ndi dzuwa, limene limasintha nkhope ya mwala ola lililonse.

Phindu loyamba la kayalidwe kameneka limaoneka munthu akadziwa mmene mwala umamalizidwira. Wosema akaumba thupi ndi nyundo ndi tchizulo, amasalaza ndi tupa, kenako ndi sandipepa woviika m'madzi, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala, ndipo pomaliza amautenthetsa mwalawo pamoto n'kuupaka phula kuti lilowe, ukazizira n'kuupukuta ndi nsalu. Mwala wolimba wotchedwa springstone, umene osaupaka umaoneka wotuwa ngati phulusa, umada bii n'kumanyezimira, ndipo wosema waluso amasiya mbali zina zili zokhakhala, monga tsitsi kapena chovala, kuti kutuwa ndi kuda zilankhulane. Pansi pa nyali imodzi yosasuntha kusiyana kumeneku kumaoneka njira imodzi yokha, pamene pansi pa mtengo, mthunzi wa masamba ukamayenda pa chipumi cha mwala, woona amazindikira kuti wosemayo anaganizira kuwala asanamenye nyundo. Nkhope zosemedwa ndi Henry Munyaradzi, zimene mphuno ndi nsidze zake ndi mizere iwiri yokumana ngati chilembo cha T, zimadalira kwambiri kamthunzi kogwera m'mizeremo, ndipo dzuwa la m'mawa kapena la madzulo, lobwera cham'mbali, ndilo limazionetsa bwino kuposa la masana. Zosema zazikulu za Bernard Matemera, za milomo yochindikala ndi matupi a anthu amene akusanduka nyama, zimafuna malo oti munthu azizungulire, chifukwa kusandukako sikuoneka kuchokera mbali imodzi.

Phindu lachiwiri ndi lakuti woona amakumana ndi chosema pamodzi ndi mwini wake, amamva kulira kwa tchizulo, amaona fumbi la mwala m'manja mwa wosema ndi mwana amene akuphunzira pomupukutira bambo kapena mayi ake. Ichi si chinthu chaching'ono poganizira mbiri ya dzina limene lusoli linatchuka nalo. Frank McEwen, mkulu woyamba wa nyumba ya zionetsero ya dziko lonse imene inatsegulidwa mu 1957 ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndiye anafalitsa zosemazi kunja, mpaka chionetsero cha ku Musée Rodin ku Paris mu 1971, ndipo dzina limene linamamatira linali lakuti ndi zosema za Ashona. Dzinalo linathandiza malonda chifukwa linapatsa ogula nkhani imodzi yosavuta kukumbukira, koma linaphimba anthu ngati Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932 amene anafika ku Southern Rhodesia mu 1949, Lemon Moses, Mchewa wa ku Malawi, Josiah Manzi, wa makolo Achiyao, ndi Makina Kameya wa ku Angola. Apa pakuoneka mphamvu yoopsa ya woyala chionetsero, kuti mawu ochepa olembedwa pakhomo angasamutse munthu kumtundu kwake. Pa bwalo la wosema mwiniyo chinyengo chotere sichikhalitsa, popeza mlendo akamulonjera amamva yekha chilankhulo chimene wayankhira, ndipo m'mudzimo Gule Wamkulu ankavinidwa.

Komabe kungakhale kulakwitsa kofanana kulanda zosemazi n'kuzitcha za Achewa. Maso a zosema za Fanizani, otupa ngati nyemba yong'ambika pakati, ndi milomo yosongoka ya anthu ake oimba likhweru, ndi chizindikiro cha dzanja lake iye mwini, chimene anachipeza pogwira ntchito pakati pa anzake a mitundu yosiyanasiyana, ndipo wofuna kuchifotokoza ndi zigoba za Gule chabe amamuchepetsa monga anachitira amene anamutcha Mshona.

Chofooka cha Tengenenge chimachokera pa gwero lomwelo la mphamvu yake. Blomefield ankalandira aliyense wofuna kuyesa, n'kumupatsa mwala ndi zipangizo, pamene McEwen ankakhulupirira kusankha kolimba, ndipo kusiyana maganizo kumeneku kunathandiza kuti awiriwa apatukane, McEwen n'kukakhazikitsa gulu lake ku Vukutu mu 1969. Pa mfundo iyi McEwen sanalakwe kotheratu. Pamene palibe wosankha, msika ndiwo umasankha, ndipo wosema amene wagulitsa kadzidzi mmodzi kapena mayi wobereka mwana amasema ena khumi ofanana, zimene palibe angamudzudzule nazo popeza pakhomo pake pakufunika ufa ndi fizi. Zotsatira zake n'zakuti chosema chimodzi chobadwa m'maganizo atsopano chimamira pakati pa makumi a zobwereza, ndipo diso la mlendo, litaona miyala mazana angapo, limatopa n'kuyamba kuona zonse ngati chimodzi. Kusiya mpata pakati pa zosema, komwe ndi chida chachikulu cha woyala, n'kovuta pamene chitsa chilichonse chopanda kanthu chikuoneka ngati ndalama yotayika.

Kusankha kumene malo otere akufuna sikuyenera kuchotsa zosema pa mabwalo a eni ake kapena kuthamangitsa ophunzira, chifukwa m'mabwalo omwewo ndimo munatuluka Matemera, amene analandira mphotho ku New Delhi mu 1986. Chofunika ndi bwalo limodzi lapadera limene osema okha, mosinthana, angasankhire zosema zochepa za nyengo imeneyo, n'kuziimika motalikirana, chilichonse ndi dzina la mwini, chaka, mtundu wa mwala ndi kwawo kwa wosemayo monga mwini akunenera. Mudziwu unapulumuka nkhondo ya ufulu ya m'ma 1970, pamene pafupifupi onse anabalalika n'kutsala banja la Manzi, ndipo mu 2007 Blomefield anasiya utsogoleri m'manja mwa wosema Dominic Benhura. Osema a m'badwo woyamba, amene ankadziwa kuti chosema ichi n'cha yani ndipo chinasemedwa liti, ambiri anatsikira kulichete, Munyaradzi mu 1998, Matemera mu 2002 ndi Fanizani mu 2011, ndipo zimene sizinalembedwe pa zitsa zawo zatsala m'mitu ya ana ndi adzukulu amene akusema pa mabwalo omwewo.