Amisiri a mapu a m'mapiri a Himalaya

Masetilaiti a Landsat akhala akujambula dziko kuyambira 1972, ndipo kuchokera mu 2008 zithunzi zake n'zaulere. Kadontho kamodzi pachithunzi cha Landsat 8 kamaimira malo otalika mamita 30 mbali zonse. Koma kuti chithunzicho chisanduke mapu osonyeza nkhalango, udzu, minda ndi madzi oundana, pamafunika mmisiri wodekha mtima.

Phiri limanamiza maso. Setilaiti imadutsa cham'mawa, choncho mitengo ya tsidya lino la chigwa imawala pamene ya tsidya linalo ili bii mumthunzi, ena n'kuiyesa nyanja. Mmisiri amatenga mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka, n'kuwerengera kupendekeka kwa malo alionse mpaka nkhalango ziwirizo zifanane. Mtambo ndi chipale chofewa zonse n'zoyera mbee, koma m'kuwala kwina kwa infrared, kosaoneka ndi maso, chipale chimada pamene mtambo umawalabe.

Chimene chimandigometsa kwambiri ndi madzi oundana okwiririka ndi miyala, monga kumunsi kwa Khumbu, pafupi ndi Everest. Kompyuta imawayesa thanthwe wamba, ndiye munthu amakhala pansi n'kulemba malire ake ndi dzanja, pang'onopang'ono.

Ndimawalemekeza akatswiri onga a ICIMOD, bungwe limene linakhazikitsidwa ku Kathmandu mu 1983, chifukwa ntchito yawo sithera mu ofesi. Zimene mapu akunena amazitsimikiza ndi zimene anthu okwera mapiri ndi GPS apeza pamalopo. Mapu otere ndi amene anathandiza kuonetsa kuti nkhalango za ku Nepal zachuluka chiyambire kusamalidwa ndi anthu a m'midzi.