Phunziro la Kasinthasintha ndi Madimba a ku Linda

Mwana ali yense amene anapita ku sukulu adziwa phunziro la kasinthasintha wa mbeu. Mphunzitsi ajambula munda pa bolodi, naugawa panai, nalemba cimanga m'cigawo cimodzi ndi nyemba m'cina, nanena kuti caka ciri conse mbeu zisinthane malo kuti nthaka isaguge. Phunziroli nlabwino, koma likafika m'madimba a ku Linda, komboni ya kumwera kwa Lusaka, lipezeka kuti liyenda motsimphina.

Liyenera kuyamikidwa pa zimene linena zoona. Mbeu za m'banja la nyemba zimalemeretsadi nthaka. Mu 1886 akatswiri awiri a ku Germany, Hellriegel ndi Wilfarth, anaonetsa kuti mphamvu imeneyi iri m'timatuza ta pa mizu, ndipo mu 1888 Beijerinck wa ku Holland anapatula tizirombo tokhala m'timatuzamo, timene titenga nayitrojeni mu mpweya ndi kudyetsa mbeu. Apa palibe cotsutsa.

Colakwa cace ndi cakuti liyesa nthaka ngati nkhokwe, imene ingodzazidwa ndi kutapidwa. Koma nthaka iri ndi eni ace. M'dothi lodzaza kasupuni muli tizirombo mamiliyoni ambiri tosaoneka ndi maso: tina tioletsa zinyalala, tina tidya tinzace, tina tidwalitsa mbeu. Mizu ya mbeu iri yonse imatulutsa timadzi timene tinenepetsa tizirombo ta mtundu wina ndi kumana tina. Motero mlimi wobwereza mbeu imodzi pamalo amodzi akuweta adani a mbeuyo osadziwa. Ici ndico cifukwa cacikulu cosinthira mbeu m'dimba, ndipo pa bolodi paja sicilembedwa kawirikawiri.

Mlimi wa ku Linda alibe munda wogawa panai. Ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba, ndipo abzala cimene cigulika msanga. Matimati akayamba kufota, caka cotsatira aikapo impwa, kenaka tsabola kapena mbatatesi, nakhulupirira kuti wasintha mbeu. Komatu zonsezi, pamodzi ndi fodya, nza banja limodzi, ndipo zidwala nthenda zimodzi. Yoopsa ndi ya kufota, yocokera kwa kacirombo kochedwa Ralstonia, kamene kalowa pa zironda za mizu ndi kutseka njira za madzi, kotero kuti mtengo wa matimati ugwa masamba ali cibiriwirire, nthaka iri yonyowa. Kuizindikira nkosabvuta: munthu adula tsinde, naliviika m'tambula ya madzi oyera, ndipo posacedwa aona tiulusi toyera ngati mkaka tikutsika. Phunziro limene silichula mabanja a mbeu lamsiya mlimi ameneyu pa njira.

Koma wogwa m'tsoka loposa ndiye wophunzira womvera, amene akumbuka mau a mphunzitsi nabzala nyemba pamene panali matimati. M'madimba othiriridwa caka conse mumacuruka tinyongolotsi tochedwa nematodi, timene tiboola mizu ndi kuitupitsa. M'nyengo yotentha timakula ndi kuswana m'milungu inai yokha, ndipo kakakazi kamodzi kaikira mazira mazana angapo. Timeneti sitisankha: matimati, therere, maungu ndi nyemba zomwe, zonse ndi cakudya cao. Mnyamata uja akazula nyemba zace zacikasu naona mizu yotupa, akondwa kuti ndi timatuza ta nayitrojeni tija anaphunzira. Conseco kusiyana kwace nkoonekeratu. Kathuza kabwino kamamatira pambali pa muzu, kathothoka ndi cala, ndipo mkati mwace ndi mofiirira; cotupa ca nematodi ndi muzu weniweni umene wafufuma, sicithothoka.

Nzeru yogonjetsa tinyongolotsiti si yacilendo m'dziko la Zambia. Alimi a fodya a ku Zimbabwe akhala akugoneka minda yao zaka zitatu kapena zinai pansi pa udzu wochedwa Katambora, umene unatenga dzina lace ku Katambora m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, kumtunda kwa Livingstone. Nematodi wa fodya saswana bwino m'mizu ya udzuwo, ndipo acepa ndi njala. Mwini kadimba sangagoneke malo ace zaka zinai, pakuti ana adya lero. Koma angathe kumana adaniwo ndi mbeu zimene sazikonda kwambiri, monga cimanga, mtedza ndi zumba, imene amai aidziwa kale ngati ndiwo. Manyowa oola bwino athandizanso, popeza acurukitsa nkhungu ndi tizirombo todya mazira a nematodi.

Palinso cina cimene phunziroli lilonjeza mopitirira. Linena ngati kusintha mbeu kuciza zonse. Nkhungu yochedwa Fusarium, imene ifotetsanso matimati, imagona m'nthaka zaka zambiri ngakhale palibe mbeu yoidya, ndipo pamenepo cothandiza ndi mtundu wa matimati wopirira nthendayo. Ndiponso dimba losinthidwa mosamala lingathe kuipitsidwa tsiku limodzi ndi mbande zogula kwa mnansi, dothi lomatirira pa khasu, kapena madzi oyenderera kucokera m'dimba la kumtunda.

Codabwitsa ncakuti Linda ali pafupi ndi Mount Makulu ku Chilanga, likulu la kafukufuku wa zaulimi m'Zambia, kumene nthaka ndi nthenda za mbeu zimapimidwa. Zimene zidziwika kumeneko zingathe kulowa m'kalasi popanda ndalama zambiri. Mphunzitsi angofunika kubwera ndi mizu iwiri yotsuka, wa mtedza wathanzi ndi wa matimati wotupa, ndi tambula ya madzi, naziika pa tebulo asanagwire coko.